Golide wa Feston Ngozo

Abigail ankaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Golomoti. Ankakhala m'nyumba ya aphunzitsi pasukulu pomwepo ndi mwamuna wake, Feston Ngozo wa ku Mtakataka, ndi mwana wawo mmodzi wamkazi, Pempho. Mlendo akalowa m'nyumbamo ankayamba waseka, chifukwa pansi pa tebulo la pabalaza panali mathireyi a mazira asanu ndi awiri osanjikizana, koma munalibe dzira ngakhale limodzi. Munali miyala yokhayokha.

Miyalayo ankaphunzitsira ana a Folomu 3. Ku koleji ya aphunzitsi anaphunzira kuti miyala ya m'nthaka siigawidwa poona maonekedwe ake ayi, koma poona zimene zinasakanizika mkati mwake, ndipo thireyi iliyonse inali ya gulu lake. Komatu amene anadzaza mathireyiwo sanali iye. Anali Feston.

Masiku amenewo Feston anali dalaivala wa lole pa kampani ina yogula thonje. Ankayenda Balaka, Salima, Mponela, mpaka kuchigwa cha Shire. Kulikonse kumene waima kuti adye kapena kuti injini izizire, ankayang'ana pansi. Akaona mwala wachilendo ankautola n'kuuponya kuseri kwa mpando. Pofika kunyumba ankautulutsa m'thumba mwaulemu ngati akupereka mlendo kwa eni mudzi.

"Madamu, nayu mlendo wanu. Chiwongo chake n'chiyani ameneyu?"

Abigail ankaseka n'kuutembenuzatembenuza m'manja. Woyera wolimba uja wokanda galasi ankati ndi kwatsi, wa gulu la masiliketi. "Amenewa ndiye fuko lalikulu, bambo a Pempho. Paliponse mungaponde mwaponda m'bale wawo. Ngakhale mchenga wa mumtsinjewu ndi iwowo." Mwala wotuwa wa ku Balaka anaudonthezera asidi wa m'batire la lole, n'kuyamba kuchita thovu, ndipo Feston analumpha ngati waona njoka. Umenewo unali wa makaboneti, womwe amawotcha popanga laimu. Wina wofewa, wa m'dambo la ku Mponela, unkakandika ndi chikhadabo chabe. Unalowa m'thireyi ya masalufeti. Wofiirira wolemera, wosiya mzere ngati wa dzimbiri ukaukhula, unali wa maokisaidi.

Thireyi ya mahalaidi inakhala yopanda kanthu chaka chathunthu. Tsiku lina Feston anafunsa kuti mumalowa miyala yotani, ndipo atamva kuti mchere ndi wa gulu limenelo, anapita kumsika, n'kugula mchere wamiyala, n'kusankha chibulumwa chachikulu n'kuchiika mmenemo. "Fuko lonse ili tinkangolidya m'ndiwo osalidziwa," anatero. M'thireyi ya masalufaidi munali kamwala kamodzi kotuwa konyezimira kamene Abigail anapatsidwa ku koleji. Yomaliza, ya miyala yoima payokha yosasakanizika ndi china chilichonse, munali kachidutswa ka girafaiti, mwala wakuda uja amapangira mtima wa pensulo. Feston anafunsa kuti enanso a m'gulu limeneli ndi ndani.

"Kopa, siliva, golide."

"Ndiye mafumu amenewo," anatero Feston. "Tsiku lina ndidzakubweretserani mfumu."

Mu 2009 kampani ya thonje ija inatseka, malole onse n'kugulitsidwa. Feston anayenda ndi laisensi yake ku Lilongwe, ku Salima, ku Balaka, koma paliponse ankamuuza kuti madalaivala ndi ambiri kuposa magalimoto. Anabwereka munda kudambo n'kubzala mpunga, koma madzi osefukira anaukokolola zaka ziwiri zotsatizana. Anayesa kabaza, koma bondo lake lamanzere linkatupa. Kumsika wa Golomoti anthu anasiya kumutchula dzina. Ankangoti amuna awo a Madamu. Iye ankamwetulira akamva, koma akafika kunyumba ankakhala pakhonde osayankhula mpaka dzuwa kulowa. Kwaya ya kutchalitchi, imene ankaimba besi kuyambira ali mnyamata, anaisiya. Abigail akamupatsa ndalama ya sopo kapena yometetsa, ankalandira atayang'ana kumbali.

Sankamwa mowa, sankakalipa, sanamenyepo munthu. Ankangozilala pang'onopang'ono, ndipo Abigail ankaona zonsezo osadziwa pogwira.

Kumayambiriro kwa 2013, mvula itakhazikika, Feston anasintha. Anayamba kudzuka m'mamawa n'kukwera kumapiri a kumtunda kwa Golomoti ndi mnzake Petulo, bambo wina wootcha makala amene ankadziwa tinjira tonse ta kumeneko. Ankati akukadula nsungwi zogulitsa. Nsungwizo Abigail sanazione, koma ankaona mwamuna wake akubwera ali matope ofiira mpaka m'tsitsi, akudya ngati mlimi, akucheza ndi Pempho za kusukulu. Sanafune kufunsa zambiri.

Lachisanu lina masana, Abigail atangoweruka, Feston anafika ndi thumba la feteleza atalimangirira panjinga. Analinyamula movutika, ngakhale linali losadzaza n'theka lomwe.

"Tsekani chitseko, mayi a Pempho. Tsekaninso zenera."

Anayala mkeka pabalaza n'kukhuthula thumbalo. Miyala inagubuduka, yachikasu, yonyezimira ngati mabatani a yunifolomu ya apolisi. Ina inali yokhayokha, ina yomatirira ku mwala wotuwa. Pempho, yemwe anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anakuwa n'kugwada kuti agwire.

"Petulo ndi amene anaiona koyamba, m'chigwembe mmene munakokoloka ndi mvula," anatero Feston monong'ona. "Takumba masabata atatu. Madamu, mfumu ija ndi imeneyi."

Abigail anatola umodzi. Asanauyandikize n'komwe kumaso, anauzindikira. Mwalawo unali ndi mbali zosalala zokumana bwinobwino ngati kabokosi, ndipo pambali iliyonse panali timizere tating'ono togundizana. Anali atauonapo mwala wotere ku koleji, tsiku limene mphunzitsi wawo anauyendetsa m'kalasi n'kufunsa kuti ndani angaugule.

Feston ankayankhula osapuma. Pempho adzapita ku sukulu yogonera komweko. Ku Mtakataka adzamanga nyumba ya njerwa zootcha, ina ya amayi ake. Adzagula lole yakeyake, yonyamula mpunga wa ku Bwanje kupita nawo ku Lilongwe, ndipo pachitseko adzalemba dzina la Pempho. Maso ake anali onyowa. Chiwongo cha mwalawo sanafunse tsiku limenelo.

Feston atatuluka kukasamba, Abigail anatuma Pempho kukatunga madzi akumwa kumjigo. Anatenga kapu yadothi ya tiyi, n'kuitembenuza, n'kukhula mwala uja kunsi kwake kokhakhala. Golide amasiya mzere wachikasu. Pakapupo panatsala mzere wakuda wobiriwirako. Anakhulanso ndi mwala wina, kenako wina, ngati kuti wachinayi kapena wachisanu usintha maganizo. Kenako anatenga hamala n'kupita kuseri kwa khitchini. Golide ukamumenya amaphwatalala ngati mtovu. Mwala uwu unaphwanyika n'kukhala tizidutswa, ndipo kunamveka kafungo ngati ka machesi ongoyatsa kumene.

Unali pairaiti, chitsulo chosakanizika ndi salufa, wa gulu la masalufaidi. Thumba lonselo palibe akanaligula ngakhale ndi mtengo wa mchere.

Kubafa Feston ankaimba. Inali nyimbo ya pa Pasaka, ndipo besi yake ija inkamveka mpaka kunyumba ya ahedi. Abigail anaimirira ndi hamala m'manja akumvetsera. Zaka zinayi zinali zitadutsa asanamve mawu amenewo. Anakankhira tizidutswa tija paphulusa ndi phazi, n'kukatsuka kapu.

Feston analowa atavala malaya ake oyera amene ankavala popita kutchalitchi kokha.

"Mwaiona bwino?"

"Ndaiona."

"Ndiye mukuti bwanji, aphunzitsi?"

Abigail anayang'ana miyala ija pamkeka, n'kuyang'ana nkhope ya mwamuna wake. "Ndi yokongola, bambo a Pempho."

Feston anaomba m'manja kamodzi, mwamphamvu, n'kuseka mpaka kutsamira khoma. Pempho atalowa ndi ndowa, Feston anamulanda ndowayo n'kumunyamula m'mwamba ngati khanda.

Abigail anadziuza kuti adzamuuza Lamulungu. Akadzachoka ku Misa adzatumiza Pempho kwa anzake, adzakhala pansi awiri, n'kumuonetsa kapu ndi hamala modekha, popanda wina womva. Masiku awiri okha. Munthu amene wakhala zaka zinayi osaseka angamulande bwanji chimwemwe chake tsiku lomwelo, thukuta lisanaume n'komwe?

Loweruka m'mawa kunacha ndi mitambo yakuda kumapiri. Abigail anali ndi kalasi yapadera ya a Folomu 4. Akutuluka ndi mabuku anapeza Feston akumangirira piki ndi fosholo panjinga.

"Mvula ikubweratu. Bwanji mupumule lero?"

"Lero lokha. Pansi pamene tafikapa pali yambiri kuposa iyi. Tikachedwa ena atulukira."

"Bambo a Pempho."

"Ee?"

Feston anatembenuka atagwira chiwongolero, akumwetulira, akudikira. Abigail anatsegula pakamwa. Panjira pankadutsa ana awiri a sukulu, ndipo anawo anawapatsa moni.

"Muyende bwino," anatero Abigail.

Mvula inayamba cha m'ma leveni. Inagwa yamphamvu mwakuti m'kalasi sankamvana chifukwa cha phokoso la malata, ndipo Abigail anangolemba mafunso pabolodi n'kuima pazenera. Itakata cha m'ma thu, anaona mayi akuthamanga kudutsa pabwalo la mpira, chitenje chili m'manja, mutu uli wosavala kanthu. Anali Fagness, mkazi wa Petulo. Sanafike n'komwe pakhomo la kalasi. Anagwa m'matope n'kuyamba kulira akuloza kumapiri.

Dzenje limene awiriwo anakumba linali m'mbali mwa chigwembe, lolowa chopingasa, lopanda mitengo yochirikiza. Dothi la pamwamba litamwa madzi linatsika lonse nthawi imodzi. Petulo anali chakukhomo, ndipo dothi linamukwirira mpaka m'chiuno n'kumuthyola mwendo. Anakuwa mpaka amayi ena otola nkhuni anamumva. Feston anali mkati. Amuna a m'midzi yapafupi anakumba ndi makasu ndi manja, ndipo anamupeza dzuwa litapendeka, ali chogwada, piki ili pambali pake. Abigail anafika akumutulutsa. Anamupukuta matope kumaso ndi mpango wake, m'makutu, m'mphuno, mwakachetechete, mpaka amayi ena anamugwira mapewa n'kumuchotsapo.

Maliro anakaikidwa ku Mtakataka Lolemba. A kwaya anabwera onse, ngakhale anali atawasiya kalekale. Nkhani ya golide inali itafika kale kumeneko mtembo usanafike, ndipo pamanda anthu ankanong'onezana kuti malemu afa atangopeza chuma.

Patapita masiku atatu, Pius, mkulu wake wa Feston, anabwera kunyumba ya kusukulu ija ndi amalume awo. Anakhala pamipando, zipewa zili pamaondo, n'kuyamba ndi mawu achipepeso. Kenako Pius anakonza kukhosi.

"Alamu, tamva kuti malemu anasiya thumba. Sitikufuna kukulandani ayi. Koma pali mwana apa, palinso amayi kumudzi. Ndi bwino zinthu ziyende poyera."

Abigail anakoka thumba lija kuchipinda n'kuliika pakati pawo. "Ndi ili, alamu. Koma si golide."

Amuna awiriwo anayang'anana. Abigail anatenga kapu ija n'kukhula mwala kunsi kwake, n'kuwaonetsa mzere wakuda. Anatuluka nawo pakhonde n'kuphwanya wina ndi hamala. Anawafotokozera kuti golide ndi wa gulu la miyala yoima payokha, ndi wofewa, saphwanyika. Uwu ndi wa gulu lina, chitsulo ndi salufa, ndipo wanyenga anthu ambiri m'mayiko ambiri. Ankayankhula ngati ali m'kalasi chifukwa njira ina yoyankhulira analibe.

Pius anamvetsera mpaka kumapeto.

"Inu munapita kusukulu, ife ayi. Ndiye mukutiuza kuti mng'ono wanga wafera zinyalala?"

Pius analoza m'nyumba.

"Thumba ili linalowa m'nyumba muno Lachisanu. Petulo wanena. Inu munaliona Lachisanu. Ngati si golide, munamuuza?"

Abigail anayang'ana hamala imene inali m'manja mwake.

"Mwaonatu amalume," anatero Pius. "Akanakhala kuti ankadziwa, akanamuletsa. Palibe mkazi angaone mwamuna wake akumanga piki panjinga kukafera zachabe, iye n'kukhala chete. Bodza ili alipeka maliro atachitika, kuti thumba litsale muno."

Ananyamula thumbalo n'kulimangirira panjinga ya Feston yomwe ija. Abigail sanawaletse. Amalume aja potuluka anaima pakhomo ngati akufuna kunena kanthu, koma anangovala chipewa n'kutsatira.

Sabata yotsatira Abigail anakwera minibasi kupita ku chipatala cha Mua kukaona Petulo. Anamupeza atagona chagada, mwendo uli m'chikhakha, Fagness atakhala pansi pambali pa bedi. Petulo ataona Abigail analira ngati mwana. Abigail anaika nthochi ndi shuga pakabati n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Madamu, ine ndinayesetsa," anatero Petulo. "Mabingu atayamba ndinati achimwene tiyeni tituluke, dothi ili silili bwino. Anati tidzaze kaye thumba limodzi. Ine kunena zoona ndinkakayika kuyambira pachiyambi. Ndinkati golide angapezeke chonchi, wambirimbiri ngati chimanga? M'mawa womwe uja tikukwera phiri ndinawafunsanso. Anandiseka. Anati, 'Petulo, Madamu aiona dzulo. Aitembenuza, aiyang'ana bwinobwino. Mayi aja pa nkhani ya miyala sanyengerera munthu. Zaka zonsezi ndikawabweretsera mwala amandiuza dzina lake pomwepo. Ukanakhala wabodza akanandiuza.' Nditamva zimenezo mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ngati aphunzitsi avomereza, ine ndine yani."

Abigail anagwira chitsulo cha bedi. M'wodimo munali phokoso la mbale ndi anthu odzazonda odwala.

"Ndiye Madamu," anapitiriza Petulo, "a Pius akuti apita nalo ku Lilongwe thumba lija. Theka ndi langa, anagwirizana nane malemu. Mwendo wangawu sunapite pachabe eti? Ndi golide?"

"Si golide, a Petulo."

Petulo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwadziwa liti?"

Abigail akanatha kunena kuti wadziwa maliro atatha. Fagness anali atadzutsa mutu, akumuyang'ananso.

"Lachisanu. Tsiku lomwe anabwera nalo."

Petulo sanakalipe. Anatembenuzira nkhope kukhoma n'kukoka bulangete mpaka m'khosi. Fagness anaimirira, n'kuperekeza Abigail mpaka pakhomo la wodi monga mwa mwambo, koma pobwerera sanatsanzike.

Abigail sanakwere minibasi yobwerera ku Golomoti. Anakwera yopita ku Mtakataka. Apongozi ake, a Namaseko, anawapeza kumunda kuseri kwa nyumba akubandira chimanga, ngakhale anthu anali atawauza kuti apumule. Pius anali pakhonde. Anali atabwerako ku Lilongwe dzulo lake, wopanda thumba. Wogula miyala woyamba anangoyang'ana n'kumubwezera, wachiwiri anaitana anzake kuti adzaone munthu wa ku Dedza wabwera ndi chuma. Thumbalo analisiya m'ngalande pafupi ndi depoti. Ataona Abigail anaweramitsa mutu, osapereka moni, osamuletsanso kudutsa.

Abigail anagwada pakati pa mizere.

"Amayi, ndabwera ndi mawu."

A Namaseko anaimika khasu n'kulitsamira. Abigail anafotokoza zonse, kuyambira pa mkeka mpaka pa njinga Loweruka m'mawa. Ananena za kapu, za nyimbo ya kubafa, za Lamulungu limene ankadikira. Ananenanso mawu amene Petulo anamuuza. Sanadzichepetsere mlandu, ndipo sanalire mpaka anamaliza.

Mayiwo anayang'ana chimanga chawo.

"Mwana uja ndinamubala ine," anatero pomaliza. "Ali wamng'ono akapanga galimoto yamawaya n'kupindika, sankafuna munthu amuuze kuti yapindika. Ankalira tsiku lonse. Koma ndinkamuuza." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndikanakhala ine ndikanamuuza. Akanalira, akanadana nane mwezi, koma lero bwenzi ali pakhonde apo."

"Inde amayi."

"Kapena sindikanamuuza. Ndinamuona pa Khirisimasi mmene anaonderamo, atakhala uko ngati mlendo pakhomo pa bambo ake. Kaya. Sindikudziwa." Anagwira khasu ndi manja onse awiri. "Pitani, mwana wanga. Lero sindingathe kukuyang'anani. Pempho muzibwera naye. Koma lero pitani."

Abigail anadzuka n'kubwerera kumsewu. Matope a m'munda anali atamatirira m'maondo, ndipo anakwera nawo minibasi osawachotsa.

Ku Golomoti nkhani sinathe ndi maliro. Anthu ankati Madamu abisa golide weniweni n'kupereka wabodza kwa achibale. Ena ankati Pius wagulitsa mwachinsinsi ndipo akunamizira kulira. Mwezi usanathe, m'chigwembe muja munali maenje asanu ndi limodzi, ena oyandikana ndi pamene Feston anafera. Abigail atamva, Loweruka lina anatenga kapu ndi hamala n'kukwera phiri yekha. Anapeza amuna oposa makumi awiri, ena ndi akazi awo osenza dothi. Anaima pamwamba pa chigwembe n'kupempha kuti wina amupatse mwala umene akuuona kuti ndi wabwino kuposa yonse. Anaukhula pakapu, anauphwanya pamwala, n'kuyendetsa tizidutswa kuti aliyense anunkhize.

"Ine ndinadziwa izi mwamuna wanga ali moyo," anatero mokweza. "Sindinamuuze. Inu ndakuuzani."

Bambo wina wachikulire anatuluka m'dzenje, n'kupukuta manja, n'kuitana ana ake awiri kuti azipita. Ena anayi anawatsatira. Otsalawo anadikira kuti Abigail atembenuke, ndipo asanafike patali anamva mapiki ayambiranso. Anakumba mpaka mvula inatha, n'kusiya okha ataona kuti wogula sakubwera. Mwamwayi palibe winanso anafa.

Abigail anapitiriza kuphunzitsa mpaka chaka cha sukulu chinatha, koma anawonda, ndipo ana ankati Madamu amatha kuima pabolodi choko chili m'mwamba osalemba kanthu. Kumsika ankapita m'mamawa anthu asanachuluke. Anapempha kuti amusamutse, ndipo mu Ogasiti kalata inabwera yomutumiza ku sukulu ina ku Ntchisi, kufupi ndi kwawo. Sabata yomaliza anapita ndi Pempho ku Mtakataka. A Namaseko anamulandira, anamuphikira, anacheza naye za mitengo ya feteleza ndi za chifuwa cha Pempho. Za Feston sanatchule, ndipo potsanzikana anagwira dzanja la Abigail kanthawi n'kulisiya.

Tsiku losamuka, katundu ali kale pagalimoto, Fagness anatulukira ndi kathumba ka mpunga pamutu. Chichokere ku Mua awiriwa anali asanayankhulane. Anatula kathumbako pafupi ndi Pempho.

"Ndi wa mwanayu. Kumene mukupitako mpunga ndi wodula."

"Zikomo kwambiri. A Petulo ali bwanji?"

"Ayamba kuyenda ndi ndodo. Kuphiri sadzakweranso. Akuphunzira kusoka nsapato kwa achimwene awo."

Abigail anadikira pang'ono. "Anena chilichonse?"

"Akudziwa kuti ndabwera kuno," anatero Fagness. "Sanandiletse. Koma sanatume mawu."

Dalaivala analiza hutala. Fagness anathandiza Pempho kukwera, n'kumupatsira kathumba kaja pamiyendo, ndipo anabwerera kwawo galimoto isananyamuke.